Mawotchi Oonekera M'kati a ku Paris

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, amisiri a ku Paris anayamba kupanga mawotchi opanda chotchinga. Mawilo a mano, sipuling'i, kachitsulo kolendewera kogwedezeka uku ndi uku, zonse zinali poyera, zitakhazikidwa pamwala wa mabo n'kuvundikiridwa ndi galasi kuopa fumbi. Pobisa ulesi panalibe: gudumu lililonse ankalipukuta mpaka waliwali. Golide ankamumatiza pamkuwa ndi mekyule pamoto, ndipo utsi wakewo unadwalitsa amisiri ambiri.

Ine chimene chimandikoka mtima ndi nkhope za mawotchi zimene ankapenta Joseph Coteau, zina zoonetsa tsiku ndi kakulidwe ka mwezi. Boma litalamula mu 1793 kuti tsiku lizikhala ndi maola 10, mawotchi ena ankaonetsa mawerengedwe onse awiri, akale ndi atsopano. Lamulolo linaimitsidwa mu 1795.