Theba

Theba ndi dzina lomwe Amalawi amatchulira bungwe la TEBA, lomwe kale linkadziwika kuti Wenela. Ntchito yake inali kulemba amuna okakumba golide m'migodi ya ku Joni. M'madera ngati Songani, pa msewu wochoka ku Zomba kupita ku Liwonde, wopita ku Theba ankadziwika pobwerera ndi njinga, wailesi ndi sutikesi yachitsulo.

Gawo la malipiro ankalisunga kuti munthu akalandire kumudzi. Boma linkapezapo ndalama zakunja, ndipo anyamata omwe akadafunsa za ntchito kuno kwawo anali kutali, pansi pa mgodi. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown, dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70. Kamuzu Banda adaletsa ulendo wa ku migodiwu, koma mu 1977 udayambiranso. Udatha kuyambira 1988, pomwe South Africa idalamula kuti Amalawi aziyezedwa HIV. Ambiri mwa madodawa akalamba akulondola ndalama zawo za penshoni, zomwe n'zomvetsa chisoni.

Dziko la Philippines nalonso lidayamba mu 1974 kutumiza nzika zake kukagwira ntchito kunja mwadongosolo. Akadaulo ena amati ndalama zotumizidwa kumudzi zimapeputsira boma udindo, poti banja lolipira lokha fizi ndi mankhwala silifunsa kwambiri za misonkho. Komabe Afilipino ali kunja amavota, motsatira lamulo la 2003. Mmalawi ali ku Johannesburg amayenera kubwerera kumudzi kuti aponye voti.