Koloko Yathu ndi Chitsulo cha pa Mtengo

Amishonale a Dutch Reformed Church ochokera ku Orange Free State atafika ku Magwero mu 1899, ndi kutsegula Nsadzu kuno kwathu ku Chadiza mu 1908, anabwera ndi chinthu chachilendo: tsiku logawidwa m'maola. Makolo athu ankayendera dzuwa ndi kulira kwa tambala. Koma pamishoni panali ola la sukulu, ola la mapemphero ndi ola la mankhwala. Ku Nsadzu kunadzakhalanso malo osungirako odwala khate, ambiri mwa iwo otayidwa ndi abale awo. Amenewa analibe wotchi pamkono. Nthawi ankaimva ndi makutu.

Pamene mpingo wathu unkakhazikitsidwa zaka 50 zapitazo, Eklesia anali atalandira kale Umwini mu 1966, ndipo chilichonse tinkagula ndi ndalama zathu. Belu lamkuwa linali lakunja ndiponso lodula. Akulu a mpingo anangopachika chitsulo cha wilo la galimoto pamtengo wa mango. Sichinatidyere ngwee, ndipo chimamveka mpaka kumadimba.

Koloko ili kumbuyo kwa gomeyi inabwera pambuyo pake. Anaigula ndi amayi a Chigwirizano. Mtengo wolembedwa m'buku la msungichuma ukhoza kuseketsa ana athu, pakuti kwacha yasintha kwambiri, ndipo mu 2013 boma linaichotsa maziro atatu. Mtengo umene amayiwo amakumbukira ndi mabeseni a nshawa amene anasenza pamutu kupita nawo kumsika wa pa Boma, chaka chimene nkhokwe zawo sizinadzaze. Ena anati cholinga chinali kufupikitsa maulaliki a abusa. Ngati zinali choncho, sichinatheke!

Tsopano kolokoyo inaima. Wokonza ali ku Chipata, ndipo ulendo wokha uposa mtengo wa koloko yatsopano ya mabatire. Achinyamata akuti aliyense ali ndi foni. Ife tikuona kuti ikonzedwe ndithu, amayi amene anaigula akali moyo. Koma si aliyense ali ndi foni, ndipo agogo athu ndi abale osaona sangathe kuwerenga zili pakhoma. Chifukwa chake bungwe la akulu lagwirizana kuti gawo la chopereka cha chikondwererochi lipite kokonzetsa koloko, ndi kuti chitsulo chipitirize kulira kawiri Lamulungu lililonse mapemphero asanayambe. Mayina a anyamata oliza adzalengezedwa mwezi ndi mwezi.