Chimene chimachedwetsa intaneti pa Dzaleka

Dzaleka, m'mapiri a ku Dowa, inali ndende ya andale m'nthawi ya Kamuzu Banda, ndipo mu 1994 inasanduka kampu ya anthu othawa kwawo, ambiri a iwo ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Chiyambire chaka chimenecho anthu akhala akudikira pamzere wa chakudya, wa kuchipatala ndi wa kaundula. Makompyuta atafika, anayambanso kudikira kuti tsamba litseguke. Anthu amangoti netiweki yavuta, ena amaloza kompyuta yokalamba. Koma nthawi yambiri itha kuthera pa mtunda umene uthenga umayenda kukatsimikiza kuti wolowayo ndi mwiniwakedi.

Mu 2010 bungwe la Jesuit Refugee Service linathandiza kuyambitsa maphunziro a pa intaneti pa Dzaleka, ophunzira n'kumalandira dipuloma ya Regis University ya ku Denver, ku America. Wophunzira akalemba dzina ndi pasiwedi, uthenga unkawoloka nyanja kukafunsa seva, yankho n'kubwerera. Ndiye poti kulowa kamodzi kumafuna maulendo angapo otere, kuchedwa kumaunjikana. Uthenga ukadzera pa setilaiti ya pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, kupita ndi kubwera kumadya theka la sekondi, choncho maulendo 20 ndi masekondi 10 munthu asanawerenge ngakhale liwu limodzi. Zingwe za pansi pa nyanja, SEACOM mu 2009 ndi EASSy mu 2010, zinachepetsa vutoli, koma Malawi amazipeza kudzera m'mayiko oyandikana nawo, ndipo Denver akadali kutali. Kumapeto kwa 2013 bungwe la UNHCR linayesera pa Dzaleka pomwepa kaundula watsopano wojambula zala, maso ndi nkhope, lisanamufalitse kumayiko ena. Apa kutsimikiza munthu kunakhudza chinthu chachikulu kuposa maphunziro, chifukwa dzina la m'kaundula ndilo limamupezetsa thandizo.

Ena anganene kuti kaundula wotere ayenera kusungidwa pamalo amodzi otetezedwa, kuti munthu asalembetse pa Dzaleka kenako n'kukalembetsanso ku Kakuma, ku Kenya. Mfundoyi ndi yoona. Koma chofunika kufunsidwa kutali ndi dzina la munthu, kamodzi polowa; phunziro limene ophunzira 30 akuwerenga tsiku limodzi siliyenera kuwoloka nyanja maulendo 30. Kupewa zimenezi ndiyo ntchito ya seva yapakati, imene akatswiri amati proxy: imasunga pafupi zimene wina watsitsa kale. Enanso angati seva yapakatiyo nayo imachedwetsa, ndipo sakunama, pakuti ikamafunsa pasiwedi pa kachithunzi kalikonse imasanduka mlonda woimitsa munthu pakhomo lililonse. N'chifukwa chake wokonza waluso amayeza nthawi ya gawo lililonse: kuchoka pa kompyuta kufika pa seva yapakati, kuchoka apo kufika pa seva yotsimikiza, ndi kubwerera. Nzeru yofupikitsa njira si yachilendo kuno. Mu 2008 ku Blantyre kunatsegulidwa Malawi Internet Exchange kuti uthenga wa m'dziko muno usamazungulire kunja.

Kampu imene inakonzedwera anthu osapitirira 12,000 lero ili ndi oposa 50,000, ndipo mpando wa pa kompyuta umalimbiranidwa. Mabungwe othandiza, musanagule makompyuta ena, tumizani munthu akayeze kumene masekondi a wophunzira akuthera.