Mmene mahomoni a steroid amaumbira asilikali a m'thupi

Asilikali a m'thupi, omwe ndi maselo oyera a m'magazi, sabadwa ali okhwima. Onse amachokera m'mafuta a m'mafupa, ndipo chiwerengero cha amene amakula n'kuyamba kulimbana ndi matenda chimadaliranso mahomoni a m'gulu la steroid.

Thupi limapanga mahomoniwa kuchokera ku mafuta otchedwa cholesterol. Cortisol imachokera m'tiziwalo ta adrenal tokhala pamwamba pa impso, pomwe estrogen, progesterone ndi testosterone zimapangidwa makamaka m'ziwalo zoberekera. Mahomoniwa amalowa m'selo mosavuta, n'kukadzutsa majini ena ndi kugoneka ena. Zikatero selo limachulukana, limasintha ntchito kapena limafa.

Mphamvu yawo imaonekera bwino mu thymus, kachiwalo kokhala kuseri kwa fupa la pachifuwa, komwe ntchito yake adaitulukira Jacques Miller mu 1961. Umu ndimo mumakhwimira maselo a T, kuphatikizapo a CD4 amene amawerengedwa mwa anthu omwe ali ndi HIV. Muli kusefa koopsa: maselo oposa 90 pa 100 alionse amafera momwemo, ena chifukwa chopanda ntchito, ena chifukwa choti akadaukira thupi lomwe. Maselo anthetewa sachedwa kufa cortisol ikachuluka, n'chifukwa chake thymus imafota munthu akadwala kwambiri kapena akasowa chakudya kwa nthawi yaitali.

Mahomoni a ziwalo zoberekera nawonso ali ndi mbali yawo. Munthu akatha msinkhu thymus imafota mofulumirirapo, ndipo malo ake amadzala mafuta. Nyama yaimuna ikafulidwa, kachiwaloka kamakulanso. Estrogen imalimbikitsa maselo a B okhwima kupanga tizida togwira tizilombo. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene thupi la mayi limalandirira bwino katemera wambiri kuposa la bambo, komanso chimene matenda oti chitetezo chimaukira mwini wake amachulukira mwa amayi. Mwa odwala lupus 10 alionse, pafupifupi 9 ndi akazi.

Madokotala adasandutsa mphamvuyi mankhwala. Mu 1948 Philip Hench adapereka cortisone kwa wodwala nyamakazi ku Mayo Clinic, m'dziko la America, ndipo mu 1950 adalandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Edward Kendall ndi Tadeus Reichstein. Lero prednisolone ndi dexamethasone zimathandiza pa mphumu ndi pa khansa ya m'magazi ya ana, pomwe zimapha maselo oyera osakhwima amene achulukana mosalamulirika.

Koma mankhwala omwewo amachepetsanso asilikali abwino. Wowamwa nthawi yaitali amagwidwa msanga ndi matenda monga chifuwa chachikulu, ndipo kuwasiya mwadzidzidzi n'koopsa, pakuti tiziwalo ta adrenal timakhala titachepetsa kupanga cortisol. Choncho mlingo wake, pouyamba ndi poutsitsa pomwe, ayenera kulamula ndi dokotala.