Ndime zitatu zomwe adazichotsa pa nkhonya

Mkangano wakuti ankhonya akale angatani atakumana ndi a masiku ano sudayambe dzulo. Mu 1969 mkulu wina wa zawailesi ku America, Murray Woroner, adafika poutengera ku kompyuta. Adajambula Muhammad Ali ndi Rocky Marciano akuponyerana zibakera zachiphamaso, n'kusiyira makinawo kuti asankhe mathero. Filimuyo idatuluka mu 1970, Marciano atamwalira kale pa ngozi ya ndege, ndipo idamupatsa iye chipambano m'ndime ya 13. Lero ndime imeneyo kulibe, ndipo ine ndimaona kuti mkangano wonse wagona pamenepa.

Zakale kwambiri tingodutsapo. Agiriki adaika nkhonya pa masewera a Olimpiki m'chaka cha 688 Yesu asanabadwe. Ankakulunga zikopa m'manja, popanda sikelo, popanda belu. Ku England, Jack Broughton adalemba malamulo ake mu 1743, koma zibakera zidali zosavala kanthu ndipo ndime inkatha pokhapokha wina akagwa. Malamulo a magolovesi, ndime ya mphindi zitatu ndi kuwerenga mpaka 10 adatuluka mu 1867. Amatchedwa a Queensberry, koma adawalemba ndi John Graham Chambers, bwana winayo adangobwereketsa dzina. John L. Sullivan ndi Jake Kilrain adamenyana ndime 75 chimanjamanja mu 1889, koma amenewo adali masewera ena, sitingawaike pa sikelo imodzi ndi Oleksandr Usyk.

Okonda ankhonya a lero amayambira pa thupi, ndipo sakunama. Marciano, yemwe adasiya nkhonya mu 1956 atapambana maulendo 49 osagonjako, ankalemera pafupifupi makilogalamu 84. Lero sakadaloledwa n'komwe kudzitcha wa heavyweight asanaonjezere thupi, akadagwera m'gulu la cruiserweight lomwe lidayamba mu 1979. Kumuika m'bwalo ndi Lennox Lewis, chimphona cha makilogalamu 110 chodziwa kutchinga ndi dzanja lamanzere, kungakhale kumulakwira. Pamenepo ndikuvomera. Koma kukula kokha sikumenya munthu. Joe Louis wa makilogalamu 89 adasambitsa Primo Carnera wa makilogalamu 118 mu 1935, nkhondo n'kuthera m'ndime ya 6. Wina anganene kuti Carnera adali chimtengo chabe, luso analibe. Chabwino. Nanga Tyson Fury, yemwe luso ali nalo? Mu May 2024 ku Riyadh adalemera makilogalamu 119, koma adagonja kwa Usyk wa makilogalamu 101. Muhammad Ali, pa tsiku lomwe adagwetsa George Foreman ku Kinshasa mu 1974, adali ndi makilogalamu 98. Kusiyana kwa makilogalamu atatu pakati pa iye ndi Usyk sikungatseke pakamwa aliyense.

Chaka chomwe chidadula mbiri ya nkhonya pakati ndi 1982. Pa 13 November ku Las Vegas, Ray Mancini adateteza lamba wake kwa Duk Koo Kim wa ku South Korea. Kim adavutika kuti afike pa sikelo, adauma thupi, komabe adalimba mpaka ndime ya 14 pomwe adagwa. Adamwalira patapita masiku ochepa. Bungwe la WBC, motsogozedwa ndi José Sulaimán, lidachepetsa ndime zolimbirana lamba kuchoka pa 15 kufika pa 12, ndipo pofika 1988 mabungwe enawo adali atatsatira. M'zaka zomwezo mwambo wokwera sikelo udayamba kusamutsidwa kuchoka m'mawa wa tsiku la nkhondo kupita dzulo lake, kuti munthu apeze mpata womwa madzi ndi kudya.

Sulaimán ndimamulemekeza pa ichi, moyo wa munthu suyenera kugulitsidwa pa mtengo wa tikiti. Koma tiyeni tione zomwe zidapita limodzi ndi ndime zitatuzo. Mu June 1941 Billy Conn, munthu wopepuka kwambiri poyerekeza ndi Louis, adamuzunguza kwa ndime 12, ndipo majaji awiri mwa atatu adali atamuika patsogolo. M'ndime ya 13 dyera lidamugwira, adafuna kumaliza ndi chibakera m'malo mongovina, Louis n'kumugoneka. Mu 1952 Jersey Joe Walcott adagwetsa Marciano m'ndime yoyamba, n'kutsogola pa mapointi mpaka ndime ya 13. Apo Walcott adatsamira zingwe, onse awiri adaponya lamanja nthawi imodzi, la Marciano lidafika msanga pachibwano, ndipo mkuluyo adatsetsereka pang'onopang'ono, mkono umodzi utakola pachingwe. Mu 1981 Thomas Hearns adali patsogolo kwa majaji onse atatu pomwe Sugar Ray Leonard, diso lili chotupa, adamuthetsa mphamvu m'ndime ya 13 ndi kumumaliza mu ya 14. Pa malamulo a lero Conn akadatenga lamba, Marciano akadakhala ndi chipsera pa mbiri yake, Hearns akadanyamulidwa m'mwamba. Akale aja ankasunga mpweya podziwa kuti kutsogolo kuli phiri, ndipo wa lero amaphunzitsidwa kuba ndime imodziimodzi kwa mphindi 36 basi. Tikamafunsa kuti angapambane ndani, tiyambe tanena kuti belu lomaliza lilira liti.

Za sikelo nazo n'chimodzimodzi. Wankhonya wa lero amadziumitsa, kukwera sikelo, kenako n'kubwezeretsa makilogalamu angapo usiku umodzi. Sugar Ray Robinson wa welterweight akadakumana ndi munthu wamkulu thupi kuposa iye pansi pa dzina la gulu lomwelo. Koma Robinson adazolowera zimenezo: mu February 1943 adagonja kwa Jake LaMotta, yemwe adamuposa kulemera, pa 5, pa 19 adamenyana ndi munthu wina, pa 26 adabwerera kwa LaMotta n'kumubwezera. Henry Armstrong adalowa m'bwalo maulendo 27 m'chaka cha 1937 chokha. Akatswiri a lero amamenya kawiri pachaka. Ali ndi zakudya zabwino, madokotala ndi mavidiyo oonerapo mdani, koma luso lozemba chibakera amaliphunzira pa anthu ochepa. Umboni womwe ndimaukhulupirira kuposa kompyuta ya Woroner ndi Foreman: munthu wa m'nthawi ya Ali adabwerera n'kugwetsa Michael Moorer mu 1994, ali ndi zaka 45, n'kutenga lamba.

Kwathu kuno mkanganowu uli ndi maina ake. Lottie Mwale wa ku Zambia, uja ankatchedwa Gunduzani, ndi Isaac Chilemba wobadwira ku Blantyre, onse adamenyapo m'gulu la light heavyweight, malire ake makilogalamu 79. Mwale adali katswiri wa Commonwealth, ndipo mu 1980 ku San Diego adalimbirana lamba wa WBC ndi Matthew Saad Muhammad pa nkhondo ya ndime 15, koma adagwetsedwa mu ya 4. Chilemba adamaliza ndime zonse 12 ndi Sergey Kovalev ku Russia mu 2016, atagwa kamodzi n'kudzuka, ndipo adamalizanso 12 ndi Dmitry Bivol mu 2018, ngakhale konseko adagonja pa mapointi. Mwale adali ndi chibakera cholemera, Chilemba ndi woterera, wovuta kumupeza pachibwano. Pa ndime 12, sikelo itakweredwa dzulo lake, ndalama yanga ndingaike pa Chilemba kuti apambana pa mapointi. Pa ndime 15, sikelo ya m'mawa womwewo, ndingaike pa Mwale, ngakhale ndikudziwa kuti a ku Blantyre sandikhululukira.