Malonda pa zionetsero za makompyuta akale

Zionetsero za makompyuta akale ndi misonkhano ya anthu okonda kusunga makina a m'zaka za m'ma 1970 mpaka 1990, kumene amaonetsa, kugula ndi kugulitsa katundu wawo. Chodziwika kwambiri ndi Vintage Computer Festival, chimene Sellam Ismail anayambitsa mu 1997 ku California m'dziko la America. Zionetsero za dzina limeneli zakhala zikuchitikira ku Computer History Museum mumzinda wa Mountain View, ku InfoAge ku New Jersey, komanso ku Munich m'dziko la Germany.

Kaikidwe ka mtengo

Ukale pawokha sukweza mtengo. Commodore 64 ya mu 1982 inagulitsidwa mamiliyoni ambiri, choncho imapezeka pamatebulo ochuluka ndipo sidula kwenikweni. Apple-1 ya mu 1976 inapangidwa pafupifupi 200 yokha. Yatsopano inali pa madola 666.66, koma mu 2014 imodzi inagulidwa madola 905,000 pa okushoni ya Bonhams ku New York. Makina osowa chonchi kawirikawiri amapita ku okushoni, osati patebulo la wogulitsa.

Pa makina wamba, funso lalikulu ndi lakuti: kodi ikuyaka? Kompyuta yoyaka, yokhala ndi katoni yake, mabuku ake ndi zingwe zake zonse imadula kuposa yopanda kanthu. Yolembedwa kuti sinayesedwe imatsika mtengo, chifukwa ogula ambiri amaitenga ngati yakufa. Amaopa makamaka batire la mkati, limene likakalamba limadontha n'kudya bolodi. Vutoli ndi lodziwika pa makompyuta ena a Amiga ndi Macintosh, ndipo kunja makinawo amaoneka abwinobwino. N'chifukwa chake wogula wochenjera amapempha kuti atsegule aone mkati asanatulutse ndalama.

Kunenerera

Ogulitsa ambiri amatengera mitengo ya pa eBay. Ogula nawonso amatsegula eBay yomweyo pafoni, koma amayang'ana ndalama zimene katundu anagulidwadi, osati zimene eni ake akungotchula. Amakumbutsanso wogulitsa kuti pachionetsero palibe ndalama yotumizira katundu, ndiye mtengo uyenera kutsikako. Wogula zinthu zingapo nthawi imodzi amatsitsiridwa, kapena amapatsidwa basela monga chingwe kapena madisiki.

Nthawi nayo imasintha mtengo. Katundu wosowa amatha m'mawa wa tsiku loyamba, ndipo apo kunenerera sikuphula kanthu chifukwa wina ali kumbuyo akudikira. Tsiku lomaliza mitengo imagwa, makamaka ya zinthu zolemera ngati masikirini a CRT ndi mapulinta, poti mwini wake safuna kuzinyamulanso kubwerera nazo kwawo. Zina zimangosiyidwa pamulu wa zaulere.

Zionetsero zina zili ndi malo amene mwini katundu amalemba mtengo n'kusiya katunduyo m'manja mwa okonza chionetsero. Iwo amagulitsa n'kutengapo gawo la ndalamazo. Apa kunenerera n'kovuta, chifukwa wolandira ndalama si mwini katundu.