MIDI

MIDI ndi njira imene zida zoimbira zamagetsi ndi makompyuta zimatumizirana malangizo a kaimbidwe. Inakhazikitsidwa mu 1983. Simanyamula mawu enieni, koma imatchula noti, nthawi yake ndi mphamvu yake, kuyambira 0 mpaka 127, kudzera m'matchanelo 16. Sequencer imasunga ndi kundandalika malangizowa, pomwe synthesizer imawasandutsa mawu omveka. Motero wokonza nyimbo amatha kusintha liwiro kapena chida popanda kujambulanso. Ku Harare, m'madera othithikana anthu monga Mbare, kumene kuli situdiyo ya Chillspot Records, njirayi imagwiritsidwa ntchito pokonza riddim (kaimbidwe ka zida kopanda mawu a woimba) ya nyimbo za Zimdancehall pakompyuta, ndipo riddim imodzi amaimbirapo oimba ambiri. Onaninso: kiyibodi, riddim.